Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zachilungamo: ndani akuwerenga masiku a anthu a pa rimandi?

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu wathu. Ife amene talemba kalatayi timagwira ntchito yothandiza anthu oimbidwa milandu omwe alibe ndalama zolipirira loya. Tailemba poyera chifukwa nkhaniyi yakambidwa mokwanira m'zipinda zotseka. Yakambidwa m'misonkhano ya makomiti a ogwiritsa ntchito makhoti, yalembedwa m'malipoti a bungwe loyendera ndende ndi a Malawi Human Rights Commission, ndipo oweruza a khoti lalikulu aperekapo zigamulo. Aliyense amavomereza kuti vuto lilipo. Koma anthu aja akadali m'kati.

M'ndende za dziko lino muli anthu amene khoti silinawapeze olakwa, amene masiku omwe malamulo amalola kuti asungidwe anatha kalekale. Ambiri mwa iwo chikuwasunga si kukula kwa mlandu. Chikuwasunga ndi umphawi, kutalika kwa kwawo, ndi chilankhulo chomwe anayamwira.

Mukafuna kuziona ndi maso anu, musapite ku Maula kapena ku Chichiri m'mawa akaidi ali pabwalo. Mupite madzulo, nthawi yotsekera. Zitseko zimatsekedwa dzuwa lisanalowe ndipo sizitsegulidwanso mpaka kutacha. M'maselo odzaza kwambiri, malo a m'mphepete mwa khoma, pomwe munthu angagoneko chammbali, amakhala a okhalitsa ndi a amene ali ndi kangachepe kopatsa nyapala, mkaidi woyang'anira anzake m'selo. Otsalawo amakhala pakati, pomwe akaidi amapatcha shamba: mizere ya anthu okhala pansi atapinda mawondo, aliyense atalowa pakati pa miyendo ya mnzake wakumbuyo, mutu atatsamiritsa pamsana pa wakutsogolo. Amachezera choncho usiku wonse. Wofuna kukataya madzi amachita kuponda anzake kuti akafike pachidebe kapena pachimbudzi chimodzi cha pakona. Miyendo imatupa, matako amachita zilonda, mphere imafala, ndipo mmodzi akamatsokomola TB onse akupuma mpweya womwewo, poti timawindo ndi tating'ono ndiponso tili m'mwamba. Wobwera kumene ndiye amayambira pashamba, ndipo kawirikawiri wobwera kumeneyo ndi wa rimandi. Malo oipitsitsa m'ndende yonse amagwera munthu amene gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko likuti ndi wosalakwa kufikira khoti litagamula.

Boma likuzidziwa izi. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino ndi nkhanza zonyoza umunthu, ndipo linapereka miyezi 18 kuti boma lichepetse kuthithikanako ndi theka. Miyezi 18 ija inatha mu 2011. Mpaka lero ndende zathu zikusunga anthu pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chomwe zinamangidwira.

Tiloleni tikufotokozereni momwe munthu amafikira pashambapo, chifukwa pali malo odziwika bwino pomwe zinthu zimasokonekera.

Zimayambira m'chitokosi. Malamulo akuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku lomwe khoti silikhala, akaonekere tsiku loyamba lomwe khoti likhale. Pamapolisi ambiri a kumidzi galimoto ndi imodzi, mafuta ndi ochepa, ndipo wapolisi woimira boma pa milandu ali ndi madoketi ambirimbiri. Munthu womangidwa Lachisanu pa nkhani yaing'ono amatha kufika Lachitatu asanaone nkhope ya majisitireti. Belo ya apolisi ndi yaulere, koma wosadziwa akauzidwa kuti abale ake abwere ndi kenakake, amakhulupirira. M'masiku amenewa ndi m'mene amalembedwa sitetimenti. Apolisi athu amatumizidwa kulikonse m'dziko muno posayang'ana chilankhulo, zomwe pazokha si zoipa. Koma zikutanthauza kuti agogo a ku Makanjira olankhula Chiyao, msodzi wa ku Nsanje wolankhula Chisena, kapena mlimi wa ku Misuku amatha kufunsidwa mafunso m'Chichewa chomwe amangochimva patalipatali. Wapolisi amalemba zomwe iye wamva. Wofunsidwayo sadziwa kuwerenga. Amadinda chala pansi pa mawu omwe sanawaone, nthawi zina atagona ndi njala, nthawi zina atalawa mbama. Ndipo gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu, limalola pepala lotere kulandiridwa ngati umboni ngakhale mwini wake atanena kuti anakakamizidwa. Zimatsalira khoti kuona ngati lilikhulupirire, koma pepalalo lalowa kale m'fayilo, ndipo munthu wopanda loya sadziwa polikanira.

Kukhoti chilankhulo ndi Chingerezi. Majisitireti amalemba zonse pamanja m'Chingerezi, ndipo zomwe walembazo ndi zomwe khoti lalikulu lidzawerenge ngati mlandu udzaunikidwenso. Pakati pa woimbidwa mlandu ndi cholembera cha majisitireti pali munthu mmodzi, womasulira, amene nthawi zambiri ndi kalaliki wa khoti yemwe ali ndi ntchito zina khumi ndipo sanaphunzitsidwepo mwapadera kumasulira za malamulo. Ambiri a iwo amayesetsa ndi mtima wonse, ndipo sitikuwaloza chala. Koma taonani chomwe chimachitika pa nthawi yovomera kapena kukana mlandu. Munthu akuimbidwa mlandu woba mbuzi. Akafunsidwa, amayankha mwaulemu ngati momwe angayankhire kubwalo la amfumu: "Inde bwana, mbuziyo ndinatengadi, chifukwa mwini wakeyo ali ndi ngongole yanga ya chaka chatha ndipo tinapangana." Yankho limeneli si kuvomera mlandu. Munthuyu akunena kuti ankakhulupirira kuti ali ndi ufulu wotenga mbuziyo, ndipo malamulo amazindikira chodzitetezera chotere. Gawo 251 la lamulo la kazengedwe ka milandu lija likuti khoti lisanalembe kuti munthu wavomera, litsimikize kuti akumvetsa zomwe akuvomera ndi zotsatira zake, ndiponso kuti akuvomera popanda "koma". Womasulira wotopa, kapena amene chilankhulo cha munthuyo amangochidziwa mwapamwambamwamba, amadula chiganizocho pa "ndinatengadi". M'fayilo mumalowa mawu awiri okha: "wavomera mlandu". Zaka za moyo wa munthu zimathera pa theka la chiganizo lomwe silinamasuliridwe.

Amene wakana mlandu amakumana ndi belo ya khoti. Lamulo likuti ndalama ya belo iganizire mmene munthuyo alili ndipo isakhale yopyola muyeso, ndiponso tili ndi Bail (Guidelines) Act ya 2000 yofotokoza zoyenera kuunika. Pochita zenizeni, khoti limafuna ndalama pang'ono ndi anthu awiri omuimira okhala ndi ziphaso. Kwa munthu wa m'tauni ndi nkhani ya foni imodzi. Kwa munthu amene abale ake ali kumudzi wa makilomita ambiri, sakudziwa n'komwe kuti wasungidwa kuti, ndipo alibe yokwerera, belo yoperekedwa ndi khoti imakhala ngati sinaperekedwe. Alipo ambiri m'ndende omwe belo anapatsidwa kale, chowasowa ndi munthu wokauza kwawo. Pa nthawi yomweyo tonse timaona oimbidwa milandu ya ndalama zankhaninkhani za boma akufika kupolisi loya ali pambali, mawa lake pempho la belo lili pamaso pa woweruza. Sitikunena kuti amenewo atsekeredwe. Ufulu umene akugwiritsa ntchito ndi wawodi. Tikunena kuti ndi wa wa mbuzi uja nayenso.

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inachita chinthu chabwino kwambiri. Inaika malire a masiku omwe munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe kuzengedwa: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra, kuba moopseza ndi kuukira boma. Boma likafuna nthawi yoonjezera liyenera kukapempha kukhoti malirewo asanathe, ndipo choonjezeracho sichipitirira masiku 30. Masiku akatha, khoti lingathe kupereka belo palokha popanda wolipempha. Pamapepala, palibe munthu woyenera kukhala chaka pa rimandi mlandu usanayambe.

Cholakwika n'chakuti lamulo linapereka masiku koma silinapatse munthu aliyense ntchito yowawerenga. Andende ali ndi chikalata chosungira munthu. Apolisi ali ndi doketi. Khoti lili ndi fayilo. Mabuku atatuwa sakumana. Woyang'anira ndende sangatulutse munthu popanda chilolezo cha khoti, ngakhale akuona kuti tsiku lobwerera kukhoti lolembedwa pachikalatacho linadutsa. Khoti silikumbukira munthu amene sanabweretsedwe. Wapolisi wofufuza akasamutsidwa, doketi imatsalira m'kabati, wolowa m'malo sakuidziwa, ndipo mboni zomwe zinabwera kawiri n'kubwezedwa sizibweranso kachitatu. Loya akanawerenga masikuwo, koma munthuyu alibe loya. Iye mwini sadziwa kuti kuli lamulo lotere, chifukwa linalembedwa m'Chingerezi ndipo palibe anamuuzapo m'chilankhulo chake. Timakonda kunena kuti mlandu suola. Munthu woudikirira ali pashamba ndiye amaola.

Pa milandu ya kupha zimafika poipa. Majisitireti alibe mphamvu yoizenga kapena kupereka belo, zonse ndi za khoti lalikulu, lomwe maofesi ake ali ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Doketi iyenera kukhala ndi lipoti la kupima mtembo, ipite kwa mkulu woimira boma pa milandu, ibwerere ndi chilolezo chotumizira mlandu kukhoti lalikulu, mlanduwo upatsidwe tsiku, papezeke loya wa Legal Aid Bureau, papezekenso ndalama zonyamulira mboni. Penapake pa mndandanda umenewu pakangosowa pepala limodzi kapena mafuta, zonse zimaima, ndipo palibe belu lolira. Munthu wa ku Chitipa wofuna belo ayenera kupeza womulembera pempho ndi malumbiro m'Chingerezi n'kukazipereka ku Mzuzu. Ena mwa anthuwa anangogwidwa m'gulu pambuyo pa ndewu ya pamaliro kapena pamowa, ena akanazengedwa akanapezeka ndi mlandu wocheperapo womwe chilango chake atha kale kuchigwira ali pa rimandi. Kutayika kwa mafayilo si mphekesera. Khoti litathetsa chilango chokakamiza cha imfa pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, ndipo akaidi atayamba kuweruzidwanso mu 2015, zinapezeka kuti mafayilo a ambiri a iwo kunalibe. Ngati boma linataya mapepala a anthu omwe linawagamula kuti anyongedwe, nanga a munthu wongodikirira?

A Nduna, tikudziwa kuti dziko lino ndi losauka ndipo maunduna onse akulirira thumba limodzi. Tikudziwanso kuti ndende ndi apolisi zili pansi pa unduna wina, ndipo makhoti ndi oima paokha. Koma kusintha malamulo kumadzera kwa inu, ofesi yoimira boma pa milandu ili mu unduna wanu, ndipo mukaitana anzanu a nthambi zinazo amabwera. Chonde musatiyankhe kuti nkhaniyi ndi ya ofesi ina. Yankho limenelo ndi lomwe lasunga anthuwa zaka zonsezi.

Za chilankhulo tiyenera kuzinena mosabisa, ngakhale ena amaopa kuti ukazitchula ndiye kuti ukudzutsa tsankho la mitundu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo Achewa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Otsalawo ndi Alomwe, Ayao, Angoni, Atumbuka, Asena, Amang'anja, Atonga, Ankhonde, Alambya, Asukwa ndi ena. N'zoona kuti ambiri amalankhula Chichewa bwinobwino, ndipo Alomwe ndi Angoni ambiri ndicho chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku. Koma Chichewa chogulira pamsika n'chosiyana ndi Chichewa chodzitetezera pa mlandu. Amene amatsalira ndi okalamba, amayi omwe sanapite kusukulu, ndi anthu a m'malire, omwenso ndi osaukitsitsa. Boma la Chitipa lokha lili ndi zilankhulo zingapo, ndipo kumeneko womasulira amatha kugwiritsa ntchito Chitumbuka pakati pa majisitireti ndi munthu amene Chitumbuka si chake. Osamva ndi osalankhula ndiye amangoyang'ana milomo ikugwedera. Kuyambira 1968, pomwe Chichewa ndi Chingerezi zinakwezedwa ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'masukulu, dziko lino lakhala ndi chizolowezi choyesa kuti aliyense akumva. Wailesi ya boma inabweza zilankhulo zina pambuyo pa 1994. Makhoti sanasinthe kwenikweni. Chaka chilichonse atsogoleri amapita ku Mulhako, ku Umthetho, ku Gonapamuhanya kukayamikira chikhalidwe ndi zilankhulo za anthu awo, ndipo nthawi ya chisankho mitundu yonse imawerengedwa mosamala kwambiri. Zimatipweteka kuti chilankhulo chomwe chimatamandidwa pamwambo chimasowa womasulira wophunzitsidwa bwino mwini wake akaima m'kabokosi ka woimbidwa mlandu.

Kodi mu 1993 tinavotera chiyani? Anthu anakana ulamuliro womwe unkatsekera anthu ku Mikuyu popanda kuwazenga mlandu, womwe unazenga Orton ndi Vera Chirwa kukhoti la mafumu popanda loya, Orton n'kukafera kundende ya Zomba mu 1992. N'chifukwa chake malamulo a 1994 ananena momveka chotere. Gawo 20 likuletsa kusala munthu chifukwa cha chilankhulo, mtundu, chuma kapena kumene anabadwira. Gawo 42 likuti womangidwa auzidwe chifukwa chomumangira m'chilankhulo chomwe akumva, azengedwe m'nthawi yoyenera, amasuliridwe zonse boma likulipira, asasakanizidwe ndi ogamulidwa kale, apatsidwe loya wa boma pamene chilungamo chikufunika kutero. Mu 2004 maiko a mu Africa anasonkhana mu mzinda wathu womwewu n'kugwirizana mfundo zothandizira osauka pa milandu, zomwe mpaka lero zimatchedwa ndi dzina la Lilongwe, ndipo maiko ena anabwera kudzaphunzira kwa ife momwe othandiza pa zamalamulo omwe si maloya amagwirira ntchito m'ndende. Mu 2011 kunabwera lamulo la makhoti a kumidzi lomwe likanachepetsa timilandu ting'onoting'ono kwa majisitireti, koma makhotiwo sanatsegulidwe. Legal Aid Bureau inayamba ntchito mu 2015 ndipo ikugwira molimbika, koma maloya ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mulu wa milandu. Kale munthu ankasungidwa popanda mlandu chifukwa wina wamphamvu walamula. Lero akusungidwa chifukwa palibe amene akumukumbukira. Kwa iye ndi kwa ana ake otsala kumudzi, kusiyana kwake n'kochepa.

Zina tingozitchula mothamanga, osati chifukwa n'zazing'ono. Khoti linathetsa mlandu wa vakabu wa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango, mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda amene anamangidwa akulawirira kumsika, ndipo mu 2022 khoti lalikulu ku Zomba linaletsa mchitidwe wosesa anthu mwachisawawa, komabe ogulitsa m'misewu ndi amayi oyendayenda akadali kunyamulidwa pa timilandu tina tofanana nato. Anyamata osakwana zaka 18 amalembedwa kuti ndi akuluakulu chifukwa alibe chiphaso cha kubadwa. Odwala misala amadikira miyezi kuti akapimidwe ku Zomba. Anthu ochokera ku Ethiopia amatsala m'ndende chilango chitatha podikira ndalama zowabwezera kwawo, ndipo mu 2023 othawa kwawo, ana omwe, anasungidwa ku Maula asanabwezedwe ku Dzaleka. Anthu amalowa m'ndende chifukwa cholephera kulipira chindapusa chochepa pomwe chilango chogwira ntchito zothandiza dera chilipo m'malamulo. Zigamulo za majisitireti zoyenera kuunikidwa ndi khoti lalikulu zimaunikidwa munthu atatsala pang'ono kutuluka.

Tsono chomwe tikufuna ndi ichi. Pasanathe masiku 90, itanani mkulu wa ndende, mkulu wa apolisi, mkulu woimira boma pa milandu, mlembi wa makhoti ndi Legal Aid Bureau, ndipo pakhale kaundula mmodzi wa munthu aliyense wa pa rimandi m'ndende iliyonse: tsiku lomwe anamangidwa, mlandu wake, khoti lake, nambala ya doketi, tsiku lomaliza kuonekera kukhoti, tsiku lomwe malire ake akutha, ndi chilankhulo chomwe amamva bwino. Izi sizikufuna nyumba yatsopano kapena makina odula. Buku ndi kompyuta imodzi pandende, ndi munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi imeneyo, n'zokwanira. Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse mndandanda wa onse omwe masiku awo atha uzipita kwa majisitireti wamkulu wa chigawo ndi kukhoti lalikulu, ndipo chiwerengero chake, popanda maina, chizilengezedwa kuti Amalawi aziona ngati chikutsika.

Kaundula yekha satulutsa munthu. Makhoti okakhalira kundende komweko aonetsa kale kuti tsiku limodzi majisitireti amatha kumasula kapena kupereka belo kwa anthu ambiri, koma amachitika pokhapokha bungwe lina likapereka mafuta. Aikeni mu bajeti ya boma, mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi ndalama zozengera milandu ya kupha. Ofesi yoimira boma pa milandu ilembere oimira boma onse, apolisi omwe, kuti malire akatha popanda pempho loonjezera masiku asamatsutse belo, ndipo doketi ikasowa kwa miyezi anene zoona kukhoti m'malo mopempha tsiku lina. Bweretsani ku Nyumba ya Malamulo kusintha kwa gawo 176 kuti sitetimenti yokakamiza isamalandiridwe, ndiponso kuti sitetimenti iliyonse izionetsa chilankhulo chomwe inafunsidwira ndi dzina la womasulira. Majisitireti ambiri a kumidzi si maloya, apolisi oimira boma si maloya, ndiye palibe chifukwa chomveka choletsera wothandiza pa zamalamulo wophunzitsidwa bwino kuimirira n'kupemphera munthu belo kwa majisitireti. Ndipo kumasulira kukhoti kukhale ntchito payokha, yokhala ndi maphunziro, mayeso ndi malipiro ake, kuyambira ndi Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chitonga, Kyangonde, zilankhulo za ku Chitipa ndi chilankhulo chamanja. Centre for Language Studies ya University of Malawi ilipo ndipo ingathandize kukonza mawu a zamalamulo m'zilankhulo zimenezi.

Tikupempha kuti yankho lanu lidzaperekedwe poyera monga momwe kalatayi yalembedwera, lidzatchule tsiku lomwe kaundulayo adzayambe ndi ofesala amene adzamuyang'anire, ndipo lidzaulutsidwe pawailesi m'zilankhulo zonse zomwe MBC imaulutsira nkhani, kuti abale a anthu a pa rimandi adzadziwe kokafunsa.

Ndife,
Othandiza oimbidwa milandu opanda maloya